Shopu ya anapiye kupitirira Honeydew: anapiye ali bho, koma kakhola kawo kasiyeni

Abale amene mwakhala mukundifunsa kuti nkhuku zili kuseri kwa nyumbazi ndinazitenga kuti, nde ndingoyankha kamodzi basi. Ndi shopu ina ya zakudya za ziweto kumapuloti uko, kuno ku Joni, mukadutsa Honeydew mukulowera cha ku Muldersdrift. Dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule m'munsimu ndipo sindikufuna mnyamata wakwathu amene amagwira ntchito pamenepo avutike chifukwa cha pakamwa panga. Anapiye awo ndi abwino, fidi ndi yabwino, malangizo amapereka ulele ndipo ndi oona, koma kakhola kokhomakhoma kale kamene amakaika pakhomo kopaka penti yobiriwira kaja, kaoneni ndi maso okha ndalama isatuluke m'thumba.

Maganizo oweta anabwera 2023 muja mazira atasowa chifukwa cha chimfine cha mbalame, paja mafamu akuluakulu anapha nkhuku mamiliyoni, mashelefu ali mbee, mashopu ena mpaka kuika malire a mazira amene munthu mmodzi angagule. Mayi akunyumba anangoti, "Abambo ake, kwathu ku Thyolo dzira tinkagula ife?" Nkhani inathera pomwepo. Timachita lendi ku Cosmo City, kuseri kuli kayadi ndi mtengo wa mabulosi, agogo eni nyumba anavomera koma anati tambala ayi, anthu oyandikana nawo angawadye amoyo. Zinatenga nthawi kuti ndalama ikwane, anapiye ndinakatenga kumayambiriro kwa Seputembala chaka chotsatira.

Shopuyo si yokongola ayi, ndi shedi ya malata, matumba a fidi aunjikidwa mpaka kudenga, fumbi, fungo la chimanga chogaya ndi mankhwala a ng'ombe. Anapiye sakhala tsiku lililonse, amabwera kamodzi pa sabata kuchokera kumene amaswetsa, nde umalembetsa kaye n'kusiya dipoziti. Ena amakwiya nazo zimenezi koma ine ndinaona kuti ndi bwino, chifukwa anapiye amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu ali mu kiledi padzuwa aja sudziwa kuti aswedwa liti, katemera analandira kapena ayi, ndipo ambiri mwa otchipa kwambiri aja amakhala atambala a mtundu woikira amene mafamu sawafuna. Udzadyetsa miyezi isanu kudikira dzira kwa tambala.

Mwini shopu ndi mayi wina wachibunu wosalankhulalankhula, amangokhala pa tilu. Amene amagwira ntchito yeniyeni ndi mnyamata wa ku Mzimba, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. Anangomva mmene ndinaperekera moni n'kuti, "Achimwene, ndinu akumudzi eti?" Kenako mafunso: mukufuna za nyama kapena za mazira, yadi ndi yaikulu bwanji, pali mpanda, masana kumakhala munthu pakhomo. Sanathamangire kundigulitsa ayi, ndipo apa mpamene ndinamukhulupirira. Anati mabroila, Ross kapena Cobb, milungu 5 kapena 6 yakwana kupha koma amadya koopsa ndipo kutentha kwa Disembala amangogwa okha. Zoikira zachizungu zofiira zija, Lohmann kapena Hy-Line, zimapitirira mazira 300 pa chaka koma zimafuna fidi yogula tsiku ndi tsiku, ukangozipatsa zotsala za nsima zimasiya. Boschveld ananena kuti ndi yolimba zedi, magazi ake ndi a nkhuku zachikuda za Venda, Ovambo ndi Matabele, koma imauluka, kayadi ka ku Cosmo mawa lake mukaipeza kwa aneba. "Inu tengani Koekoek achimwene, simudandaula."

Potchefstroom Koekoek ndi nkhuku ya mawangamawanga akuda ndi oyera, inapangidwa m'ma 1950 ku koleji ya zaulimi ya ku Potchefstroom, anasakaniza Black Australorp, White Leghorn ndi Plymouth Rock ya mizeremizere. Nde Black Australorp imeneyo ndi ija kwathu timaiti Mikolongwe, poti boma linkaswetsa ku Mikolongwe ku Chiradzulu n'kumagawa m'midzi kuti ikweze mtundu wa lokolo. Nditamva choncho mtima unakhala pansi, poti Mikolongwe ndinakula ndikuiona pakhomo pa amalume. Koekoek imaikira pafupifupi mazira 200 pa chaka ikamadya bwino, ndi yofatsa, imapalasa yokha, imafungatira, ndipo nyama yake ndi yolimba yokoma, osati zija za m'filiji zongosungunuka mumphika. Amene mumagula hardbody, nkhuku zachikuda za nyama yolimba zija, mukudziwa mtengo wake kuno.

Ndinatenga 12. Anandilola kusankha ndekha ndipo mnyamata uja anandionetsa poyang'ana: maso owala, mchombo wouma wotsekeka, kumbuyo kosamatirira zitosi, miyendo yowongoka, kamwanapiye koti ukakagoneka chagada m'manja kadzuke msanga. Kamene kangoima pakona kakusinza, kasiye olo kakumvetse chisoni. Pa 12 aja anafa mmodzi yekha sabata yoyamba, ena onse anakula. Amene anawetapo akudziwa kuti pamenepo ndiye kuti anapiye anali abwino.

Amagulitsanso kaseti koyambira: babu yofiira yotenthetsa, chomwera, chodyera, thumba la utuchi wa paini ndi kapaketi ka vitamini kosungunula m'madzi. Babu ndi chomwera gulani, chodyera mutha kudula chigubu. Anthu amaganiza kuti Seputembala kwatentha kale koma Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, masana dzuwa usiku kuzizira, ndipo mwanapiye alibe nthenga zoti adzifunditse. Sabata yoyamba pansi pa babu pamafunika madigiri 32 mpaka 35, kenako kumachepetsa madigiri atatu sabata iliyonse mpaka nthenga zitakwana cha m'ma sabata 5 kapena 6. Choyezera kutentha sichofunika kwenikweni, anapiyewo amanena okha: akaunjikana pansi pa babu akulira mokweza kwazizira, akathawira m'makona kukamwa yasa kwatentha, akabalalika bokosi lonse akudya akulira pansipansi ndiye zili bwino, kagoneni. Babu muziika mbali imodzi ya bokosi kuti akhale ndi kothawira, ndipo muimange ndi waya osati chingwe, ikagwera pa utuchi ndi moto, mabakirumu athuwa mukuwadziwa mmene ayandikirana.

Za magetsi, load shedding ija inali itapuma nthawi imeneyo koma kuno magetsi amazimabe, mawaya abedwa, transifoma yapsa, usiku wonse mdima. Mnyamata wa ku Mzimba anandiuziratu: mabotolo a 2 lita, thirani madzi otentha, kulungani ndi sokosi kapena kansalu, ikani m'bokosi, fundani bokosi ndi bulangeti koma musiye mpata wa mpweya. Zinagwira ntchito, ungodzuka pakati pa usiku kusintha madzi. Mbaula m'chipinda chotseka anati ayi ndithu, utsi wa makala umapha anapiye umaphanso eni ake, chaka chilichonse nthawi yozizira timamva maliro a zimenezi. Zina zing'onozing'ono: mukafika nawo kunyumba viikani kamlomo ka aliyense m'madzi kuti adziwe pomwera, madzi ayambe fidi pambuyo, ikani timiyala m'chomwera kuti asamire, ndipo nyuzipepala yokha pansi musayale chifukwa imaterera miyendo imatagala, mwanapiye wotero amavutika kuyenda. Ana akawagwira asambe m'manja ndi sopo.

Katemera. Anandiuza kuti kumene amaswetsa amapereka kale wa matenda a Marek ndi woyamba wa chitopa, ndipo anandionetsa pepala lobwera ndi mabokosi, sizongolankhula. Koma wa chitopa amafunika kubwereza, palinso wa gumboro. Apa pali kavuto, kabotolo kamene amagulitsa ndi ka nkhuku 1,000, ndipo ukangosungunula kamatha mphamvu pa maola awiri, sungasunge kotsala. Kwathu tinazolowera I-2 uja wodontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, munthu wa katemera akuzungulira mudzi ndi kabotolo kamodzi. Kuno mwayi wake ndi kugwirizana, ife tinasonkha ndi alamu anga a ku Zandspruit ndi bambo wina wa ku tchalitchi, tsiku limodzi tonse. Amakuikira mu ayisi, ukafika mu filiji osati mu fiza. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amapha katemera, nde muwatunge dzulo lake agone m'ndowa yosavundikira, ndipo nkhuku muzimane madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti zikamwe zonse msanga. Nkhuku yodwala kale sapatsa katemera, sachiza.

Fidi ali nayo ya makampani odziwika, Epol, Meadow ndi ena, matumba aakulu, komanso amapima ya pa kilo kwa ife a nkhuku zochepa. Ya pa kilo imadula ukawerengera bwino koma thumba la 50kg pa takisi ndi nkhondo, ndiponso fidi ikakhalitsa m'chinyezi cha dzinja imachita nkhungu, ya nkhungu imadwalitsa. Starter kaye, grower pakati, layers mash zikayandikira kuikira cha m'ma sabata 18. Layers mash kwa anapiye ayi, ili ndi kashiamu wambiri wopangira chikamba cha dzira, imaononga impso za tiana. Starter yawo ili ndi mankhwala oteteza kutsegula m'mimba kwa magazi kuja, komabe utuchi ukanyowa pafupi ndi chomwera chotsani tsiku lomwelo poti matendawo amaswana ponyowa. Nkhuku yaikulu imadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, werengerani nokha musanatenge 30. Madeya kuno amagulitsa ngati hominy chop, alipo, koma madeya okha kapena mixed fowl food ija ya chimanga chosweka ndi mapira sizikwanira nkhuku yoikira, imangonenepa dzira osaoneka. Ife timaonjezera masamba a kabichi ndi lepu otsala kwa amayi ogulitsa pamsewu. Fidi sungani mu diramu ya chivundikiro, makoswe a Joni ndi nkhani ina.

Tsopano kakhola kaja. Mayi mwini shopu ndi amene anakayamikira, anati kakwana nkhuku 10 mpaka 12, ndipo mtengo wake unaposa anapiye, babu ndi fidi ya miyezi iwiri kuphatikiza pamodzi. Kukaona ndi kokongola ndithu, kali ndi kachitseko, timakwerero, mabokosi oikira m'mbali. Okutobala ndi Novembala nkhuku zikadali misoti yaing'ono zinkalowa zokha dzuwa likamalowa, palibe vuto. Itafika Disembala zinthu zinasintha. Madzulo zimafika pakhomo pa khola, kusuzumira, kubwerera, kuzungulirazungulira, kenako imodzi phaa pa diramu, pa mpanda, mumtengo wa mabulosi, zinzake n'kutsatira. Nkhuku imodzi ikangoyamba basi zonse zaphunzira. Usiku ine ndi tochi, mwana wanga pansi akulandira, agogo eni nyumba pawindo akuseka.

Nkhuku kukwera pamwamba ndi chibadwa chake, usiku siona bwino nde imafuna malo okwera kumene chilombo sichifika, ndipo zikuluzikulu pagulu zimalanda nthambi ya pamwamba. Kumudzi zambiri zimagona m'mitengo ya mango, palibe amene amadabwa. Koma nkhuku imene yazolowera khola siisiya popanda chifukwa, nde tsiku lina madzulo ndinalowetsa mutu m'kakholamo kuti ndimve chimene zikuthawa. Abale, munali ngati mu minibasi ya ku Nsanje mu Okutobala mawindo onse otseka. Denga ndi lata limodzi lopanda chotchinga pansi pake, lili pafupi ndi mitu ya nkhuku, latenthedwa tsiku lonse, ndipo pamwamba palibe olo kabowo kamodzi kotulukira mpweya, kawindo kali m'munsi kumene sikathandiza poti mpweya wotentha umakwera. Nkhuku situluka thukuta, thupi lake ndi lotentha kale madigiri 41, imadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu ndi kutambasula mapiko, tsono 11 zothithikana m'kabokosi kotero zitambasulira kuti? Onjezani fungo la zitosi loboola m'maso mvula ikagwa.

Chachiwiri ndi mtengo wogonapo. Anaika kandodo kozungulira koterera, kowonda, ndipo kali m'munsi kuposa mabokosi oikira. Amene anakhoma sanawetepo nkhuku ameneyo. Nkhuku imasankha pokwera kwambiri, nde zimene zinkatsala m'khola zinkagona m'mabokosi oikira n'kunyeramo, mazira akadzayamba adzakhala akuda ndi zitosi. Utali wa kandodoko sukwana olo nkhuku 5 zazikulu, pomwe iliyonse imafuna masentimita 25 mpaka 30, nthawi yotentha kuposa apo poti sizifuna kukhudzana.

Chachitatu ndi chimene chinandinyansa. Mnyamata wa ku Mzimba nditamufotokozera anati, "Achimwene, pitani usiku ndi tishu yoyera mupukute kunsi kwa ndodo ija." Tishu inabwera ndi timizere tofiira. Tizilombo tofiira ting'onoting'ono, tosiyana ndi utitiri uja umamatirira m'maso ndi pa lipombo. Iti sitikhala pa nkhuku masana ayi, timabisala m'ming'alu ya matabwa, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi, n'chifukwa chake ukagwira nkhuku masana supeza kanthu. Kukatentha timaswana msanga zedi, sabata imodzi m'badwo watsopano, ndipo timatha kukhala miyezi osadya, kotero kungotulutsa nkhuku m'khola sikuthetsa. Timabwera ndi mbalame zakutchire, mpheta ndi nkhunda zodzaba fidi, izo sindinganamizire shopu, koma kakholako kanakhomedwa ndi timatabwa topyapyala togundanagundana, ming'alu paliponse, denga silitseguka, burashi siifika m'makona. Nkhuku zinali ndi nzeru kuthawa.

Ena anandiuza kuti zisiye zigone mumtengo, kwathu zimatero. Kuno ayi. Mvula ya Joni ya madzulo ija imabwera ndi mphenzi ndi matalala oti amaswa magalasi a galimoto, amphaka ndi ambiri, akadzidzi akuluakulu alipo, kumbali ya mapuloti kuli alikongwe, osaiwala a miyendo iwiri amene Khrisimasi ikayandikira amayenda akuyang'ana m'mwamba. Ndiponso mumtengo ndi mmene mumatera mbalame zakutchire, pambuyo pa 2023 uja munthu sufuna nkhuku zako zizigona pa zitosi za mbalame zosadziwika. Nkhuku yogona kunja imayambanso kuikira kunja, mazira uzikasaka kuseri kwa toileti.

Ndinabwerera kukadandaula. Mayi uja anamvetsera, anagwedeza mutu, anati makholawo amakhoma ndi munthu wina iwo amangogulitsa, kubweza sangabweze poti lagwiritsidwa ntchito. Anandipatsa kapaketi ka mankhwala a ufa opha tizilombo pa mtengo wotsitsa, basi. Sanandinyoze koma sanathandizenso kwenikweni, ndipo makholawo akadali pakhomo pomwepo mtengo womwewo, kalebulo ka nkhuku 10 mpaka 12 sikanachotsedwe. Chimenechi ndi chimene chimandipweteka pa shopu yoti zina zonse amanena zoona.

Tinakonza tokha ndi alamu anga, iwo ndi kalipentala. Tinazula denga n'kulikweza, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira pansi pa lata, mpatawo tinatseka ndi waya wolimba wa mabowo a 13mm. Waya wa nkhuku wamba uja umangoletsa nkhuku kutuluka, khoswe amadutsa, galu amang'amba. Pamwamba pa lata tinamanga neti ya mthunzi kuti dzuwa lisamenye mwachindunji. Matabwa onse tinathira madzi owira, kukwecha, kuumitsa padzuwa, kuthira mankhwala m'ming'alu, n'kubwereza patatha sabata chifukwa mazira a tizilombo aja amaswa pambuyo. Utuchi wakale tinaotcha. Mitengo yogonapo tinaika iwiri, thabwa la masentimita 5 m'lifupi losalaza m'mbali, yonse pa msinkhu umodzi kuti zisamalimbirane, pamwamba kuposa mabokosi oikira, yochotseka kuti tizitsuka. Pansi pa mabulosi tinaika tayala lakale lodzaza mchenga wouma ndi phulusa la nkhuni kuti zizisamba fumbi, paja agogo athu ankathira phulusa m'khola sankachita zamasewera. Kunena zoona ndi ndalama ya kakhola kaja mutha kugula mapaleti, malata awiri ndi waya, m'bale wathu aliyense wodziwa hamala akukhomerani lalikulu kawiri loti mulowemo choimirira.

Kuzibweza m'khola sikunachitike tsiku limodzi, chizolowezi cha mtengo chinali chitalowa. Tinadula nthambi za m'munsi, tinasuntha diramu imene zinkakwererapo, ziwiri zimene zinkatsogolera zinzake tinazidula nthenga zazitali za phiko limodzi, limodzi lokha kuti ikafuna kuuluka izipendekera, sizipweteka bola osafika pa nthenga zatsopano za magazi. Chimanga chosweka chochepa tinkathira m'khola dzuwa lisanalowe, zikalowa n'kutseka, mausiku angapo otsatizana mpaka zinayambanso kulowa zokha. Madzi nthawi yotentha aziikidwa pamthunzi malo awiri, nkhuku simwa bwino madzi ofunda, ndipo ikasowa madzi tsiku limodzi lokha kuikira kumasokonekera.

Za atambala. Anandiuza kuti Koekoek imadziwika ikadali yaing'ono, yaimuna imakhala ndi banga loyera lalikulu pamutu ndipo ikamakula imayera kuposa yaikazi, koma ananeneratu kuti sangalumbire. Pa 11 aja atatu anatuluka atambala, mu Januwale anayamba kuyeserera kulira ndi mawu osweka aja folo koloko m'mawa, poti dzinja kuno kumacha msanga. Aneba anadandaula tsiku lomwelo, anthu omwewo amene mbalame zaphokoso zija, ma hadeda, zimawakuwira padenga m'mawa uliwonse osanena kanthu kkkk. Komabe pangano ndi pangano, ndiponso mzinda uli ndi malamulo ake a zaumoyo okhudza kuweta ziweto m'malo okhala anthu, mlendo safuna kuitanirwa anthu a khonsolo pakhomo chifukwa cha nkhuku. Shopu imalandira atambala kusinthanitsa ndi fidi, izi ndinazikonda, koma mayi akunyumba anakana, awiri analowa mumphika, mmodzi anapita kwa alamu. Thadzi limaikira popanda tambala, tambala ndi wa anapiye basi.

Dzira loyamba linabwera mu Febuluwale, kakang'ono, kenako zonse zinayamba. Pofika Juni ndi Julayi zinachepetsa, musadabwe nazo n'kuthamangira kukagula mankhwala, masana amafupika kufika maola 10 ndi theka pomwe nkhuku imaikira bwino ndi kuwala kwa maola 14, masana akayamba kutalika zimayambiranso zokha.

Amene mukufuna kupitako, lembetsani sabata imodzi isanafike, pitani m'mawa tsiku lobwera anapiye poti masana mumapeza osankhidwa kale, ndipo bokosi la babu likhale litatenthedwa kunyumba musananyamuke. Tengani katoni yanu yoboola m'mbali, iwo amalipiritsa katoni. Pa takisi muinyamule pamiyendo kutali ndi windo, osaika m'buti. Loweruka amatseka masana, Lamulungu satsegula. Khadi amalandira koma netiweki kumapulotiko imavuta, nyamulaniko kashi.